Makalata a Omvera: Bajeti Yadutsa, Nanga Aphunzitsi Apatapo Chiyani?

Takulandirani, omvera athu, ku pulogalamu ya makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za bajeti ya boma ndi aphunzitsi, ndiye tasankhapo atatu. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wophunzitsa ku pulayimale. Iwo akuti:

"Zikomo a wailesi. Nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti timamva kuti unduna wa zamaphunziro walandira ndalama zambiri kuposa maunduna ena, aphungu n'kuomba m'manja. Koma kalasi yanga ikadali yothithikana, ndipo malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati. Ndalama zambirizo zimalowera kuti?"

Amayi aphunzitsi, chiwerengero chachikulucho chisamakukomoleni. M'maiko ambiri unduna wa zamaphunziro ndi umene uli ndi antchito ochuluka zedi, choncho ngakhale auninkhe mosinira, ndalamazo zimamvekabe zambiri pa wailesi. Chofunika kufunsa n'chakuti, pa ndalama 100 zilizonse zimene boma ligwiritse ntchito, za maphunziro ndi zingati? Muyezo ulipo. Mu 2015 maiko anakumana ku Incheon, m'dziko la South Korea, n'kugwirizana kuti maphunziro azilandira 15 mpaka 20 pa 100 za bajeti, kapena 4 mpaka 6 pa 100 za chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Tengani bajeti yanu muiyeze pamenepo.

Komanso zimene aphungu avomereza si zimene zimafika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Misonkho ikatoleredwa yochepa, osunga chuma cha boma amayamba kaye alipira ngongole ndi chiwongoladzanja chake, chifukwa wobwereketsa sadikira. Zotsalazo ndiye mumagawana, ndipo zoyamba kuimitsidwa zimakhala kulemba aphunzitsi atsopano, kukweza akale pa ntchito ndi kubweza ndalama zimene boma linatsalira kuwalipira. Bungwe la UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona zamalonda ndi chitukuko, linanena mu 2023 kuti anthu 3.3 biliyoni akukhala m'maiko amene amawononga zambiri pa chiwongoladzanja kuposa pa maphunziro kapena pa zaumoyo. Za malipiro anuwo, tiyerekeze kuti akwera ndi 10 pa 100 pomwe mitengo ya zinthu yakwera ndi 25. Pa pepala mwakwezeredwa, koma kunena zoona mwadulidwa.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo amene angodzitchula kuti wokhoma msonkho, ndipo alemba ndi mtima wapachala:

"Aphunzitsi achepetse kudandaula. Amapita ku tchuthi kangapo pa chaka, ena sabwera n'komwe m'kalasi. Ndalama za maphunziro zikungothera malipiro awo. Bwanji boma osangomanga midadada ya sukulu, zinthu zooneka ndi maso?"

Bambo, pena mwalasa. N'zoona kuti gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu limapita ku malipiro. N'zoonanso kuti kujomba kulipo, ndipo maiko ena atafufuza anapeza pa mndandanda wa olandira malipiro maina a anthu amene anamwalira kapena kusiya ntchito kalekale. Zimenezo n'zofunika kuzisesa, ndipo aphunzitsi olimbikira ndi amene angakondwe koposa.

Koma pa zooneka ndi maso paja ndiye ndikukanirani. Andale amakonda midadada pa chifukwa chimene mwatchulacho: amalipira kamodzi, amadula riboni, chithunzi n'kutuluka m'nyuzipepala chisankho chisanafike. Opereka thandizo nawonso kawirikawiri amalola kumanga koma amazengereza kulipira mphunzitsi, poti mphunzitsi ngofunika kumulipira mwezi ndi mwezi mpaka adzapume, kenako penshoni. Ndiye mumapeza mdadada wopentedwa bwino, mkatimo ana akungosokosera okha. Ndani awaphunzitse kuwerenga, khoma?

Zinachitikapo izi. Dziko la Malawi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, boma n'kulemba mothamanga masauzande a anthu amene anali asanaphunzire uphunzitsi. Uganda mu 1997 ndi Kenya mu 2003 nakonso makalasi anasefukira chimodzimodzi. Kutsegula chitseko kunali kwabwino, koma ndalama zosulira ndi kulipira aphunzitsi zinatsalira m'mbuyo. Lero bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona zamaphunziro, likuti dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni pofika 2030, ndipo 15 miliyoni mwa iwo ndi a maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ambiri mwa 44 miliyoniwo ndi olowa m'malo mwa amene akusiya ntchito. Za tchuthizo, bambo, mukayese kuchonga makope a ana 80 usiku umodzi, mudzatilemberenso.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wina:

"Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi koma ndikungokhala pakhomo. Akuti aphunzitsi akusowa, nanga ife satilemba bwanji?"

Achimwene, pepani. Kusowa kwa aphunzitsi m'kalasi ndi kupezeka kwa malo a ntchito mu bajeti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Unduna wa zamaphunziro ukhoza kukufunani lero lomwe, koma sungakulembeni ngati a zachuma sanaike ndalama za malo anuwo. Maboma ambiri amaika malire pa ndalama zonse zolipira antchito awo, nthawi zina potsatira zimene agwirizana ndi obwereketsa ngati IMF, ndipo poti aphunzitsi ndi anamwino ndiwo ochuluka, malirewo amagwera iwo. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kuwononga kawiri: boma lataya ndalama kukusulani, kenako lakusiyani pakhomo ana akukusowani.

Chimene ndingakulangizeni, inu ndi anzanu, n'chakuti musamadikire tsiku lowerenga bajeti, chifukwa pofika tsikulo mphika umakhala utaphulidwa kale. Bajeti imakonzedwa miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo m'maiko ambiri unduna wa zachuma umayamba wamva maganizo a anthu ndi mabungwe. Pitani kumeneko kudzera m'bungwe la aphunzitsi, lemberani phungu wanu ndi komiti ya nyumba ya malamulo yoona zamaphunziro. Musakangoti "tilembeni ntchito". Kafunseni kuti malo atsopano a aphunzitsi chaka chino ndi angati, aikira ndalama zingati, ndipo mwa amene analonjezedwa chaka chatha analembedwa ndi angati. Akakuyankhani, kapena akakana kuyankha, tilembereni tidzawerenge pompano.