Kwa mabanja amene akulandira mlendo wodzipereka wochokera kunja

Omvera athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi kulikonse kumene mawuwa akufika, madzulo ano ndikulankhula makamaka ndi inu amayi ndi abambo amene mwavomera kusunga pakhomo panu mnyamata kapena mtsikana wochokera kunja, wobwera kudzagwira ntchito mongodzipereka pasukulu kapena pachipatala. Ine ndasungapo awiri pakhomo panga pano pa Ulónguè, ndipo zina mwa zimene ndinene ndinazidziwa nditalakwitsa kale.

Yambani ndi kudziwa njira imene mwanayu wadzera. Mabungwe otumiza anthu otere alipo angapo, ndipo lodziwika kwambiri ndi la ku America lotchedwa Peace Corps, limene linakhazikitsidwa mu 1961 n'kuyamba kutumiza anthu ku Mozambique mu 1998. Anthu ake ankayamba ndi maphunziro a milungu ingapo ku Namaacha, kumwera kwenikweni pafupi ndi malire a Eswatini, kenako n'kumwazikana m'zigawo kukakhala zaka 2. Munthu wodzera njira yotereyi amafika kuno atanyamula Chipwitikizi cha m'kalasi, koma akatsika chapa, minibasi ija, pamsika amapeza kuti aliyense akulankhula Chichewa. Choncho mukamuona ali duu, maso mwazumwazu, musaganize kuti ndi wonyada. Makutu ake ayambiranso pachiyambi.

Tsopano nkhani yaikulu ndi iyi. Ife timati mlendo ndi mame, ndipo n'chifukwa chake timamuphera nkhuku ndi kumupatsa mpando wabwino. Koma uyu si mame ayi, pakuti mame sakhala zaka 2. Mtsikana woyamba amene ndinamusunga ndinamulemekeza mopitirira: ankadya yekha patebulo ndi mbale za alendo, ife tili pamphasa kuseri, madzi osamba ankawapeza atafunditsidwa kale m'bafa, ndipo akagwira tsache ndinkamulanda. Patatha mwezi anali atawonda, wosalankhula, ndipo tsiku limene anasamukira m'nyumba yakeyake pafupi ndi sukulu anagona ndi njala chifukwa sanadziwe kuyatsa makala pa mbaula. Mlandu umenewo unali wanga. Inu mulekeni apume masiku awiri, koma lachitatu mupatseni ndowa apite ndi ana kumjigo. Muonetseni kuchapa pamanja, kuyanika, kusesa pabwalo m'mamawa. Pophika nsima muimikeni pambali panu, aone mmene madzi amafundira, mmene mumathirira ufa pang'onopang'ono, mmene phala limawirira mpaka kupsa, kenako mupatseni mthiko avundule yekha. Nsima yake yoyamba idzakhala ya mibulu, ndipo muidye yonse osadandaula. Pakudya akhale nanu pamodzi, asambe m'manja pambuyo pa akulu, ndipo mumuchenjeze kuti ayambe kutema m'mbali mwa mtanda chifukwa pakati pamawotcha zala.

Pali zinthu zingapo zimene iye adzachita mosiyana ndi inu, ndipo zimenezi musamuletse. Madzi akumwa adzawawiritsa kapena kuwasefa, ndipo sikuti akunyansidwa ndi chitsime chanu, koma m'mimba mwake simunazolowere tizilombo timene ife tinakula nato. Adzagona m'neti usiku uliwonse ndi kumwa mankhwala oteteza malungo, popeza thupi losadwalapo malungo limagwa msanga. Akatentha thupi musadikire kuti kuche kawiri, ndipo musamupatse mankhwala a pamsika kapena a zitsamba. Imbani foni kwa oyang'anira ake ndi kupita naye kuchipatala kukayezetsa. Za kuzizira nazonso muziganizire. Ambiri amauzidwa kuti chigawo chathu chino cha Tete ndi ng'anjo, ndipo n'zoona kumzinda wa Tete kuja m'mbali mwa Zambezi, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma kuno kumtunda, mu Juni ndi Julayi, munthu amadzuka mano akugundana. Mupatseni bulangete lachiwiri, ndipo tsiku la msika mupite naye pa kaunjika akasankhe juzi.

Pa chilankhulo, muyambe ndi moni, chifukwa amene wapereka moni bwino mudzi umamutsegulira. Aphunzire kunena "odi" asanalowe pakhomo, "mwadzuka bwanji" m'mawa, "mwaswera bwanji" masana, ndi kunena "inu" kwa aliyense wamkulu. Aphunzirenso kulandira chinthu ndi manja awiri. Akayesa Chichewa musamuyankhe m'Chipwitikizi pofuna kumupeputsira, ngakhale mukuona kuti akuvutika. Mnyamata amene ndinamusunga kachiwiri anatha milungu itatu akunena "pala" pofuna phala, chifukwa kampweya ka "ph" sankakamva n'komwe, mpaka mdzukulu wanga wa zaka 7 anamugwiritsa pepala kutsogolo kwa milomo kuti aone mmene likugwedezekera. Kuseka kulipo, koma sekani naye pamodzi, osati kumuseka mpaka atseke pakamwa. Anawo muwauzenso kuti azimuitana ndi dzina lake m'malo momukuwira kuti mzungu pamsewu.

Madzulo ena adzalowa m'chipinda n'kutseka chitseko dzuwa likadalipo. Kwathu kuno zimenezi timaziwerenga ngati mkwiyo kapena matenda, koma kwawo munthu wotopa amapuma payekha, ndipo palibe chotopetsa ngati kumvetsera chilankhulo chachilendo tsiku lonse. Mulekeni ola limodzi kapena awiri. Zikapitirira masiku atatu, osadya, osatuluka, pamenepo gogodani ndi kukhala naye pansi.

M'sabata yoyamba yomweyo mupite naye kwa amfumu akamudziwe. Maliro akagwa m'mudzi mumutenge, ngakhale womwalirayo sanamuonepo. Ngati ndi mtsikana mum'mangire kapulana, chitenje chija, bwinobwino, mumuonetse mbali imene amayi amakhala, ndipo mumuuze kuti kukhala chete pamenepo n'kokwanira. Za gule wamkulu mumufotokozere asanakumane naye panjira. Mwina anawerengapo kuti bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo dzanja lake lidzathamangira ku foni. Muuzeni momveka kuti apatuke, asajambule popanda chilolezo cha eni ake, asafunse kuti m'katimo muli ndani, ndipo kudambwe asayandikireko.

Pa ndalama ndingonena mwachidule. Zimene mwagwirizana ndi bungwe lake pa chakudya ndi pogona zikhale zomwezo, ndipo achibale amene adzabwera ndi mavuto a feteleza kapena fizi muwabweze inu nomwe asanafike kwa iye. Mlendoyu amalandira kandalama kongokwanira kudya, ndipo kukana munthu wamkulu m'chilankhulo chimene sachidziwa kumamuvuta kwambiri.

Usiku woyamba, kusanade, muyende naye kuchokera pakhomo la chipinda chake mpaka kuchimbudzi ndi kubafa, mumuonetse pamene pali dzenje la zinyalala ndi pamene galu amagona. Muikireni tochi pafupi ndi bedi, ndipo mumuphunzitse mmene loko wa chitseko chakumbuyo amatsegukira, kuti asachite manyazi kukudzutsani pakati pa usiku.