Mphwanga, kangolo ka gofu kameneko usayambe ndi penti

Mphwanga, zithunzi zija zafika, ndaziona zonse. Uthengawu utalika pang'ono, ndiye ika kaye sipanala pansi undimvere bwinobwino.

Kangolo ka gofu akupatsa abwana akowo kuti ukakonze si kamasewera ayi. Mateyala atatu, chiwongolero chachitsulo chopindika m'malo mwa chozungulira, thupi la fibreglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi) lomwe limatukuka kumbuyo kuti uone injini, kameneko ndi ka Harley-Davidson. Eya, omwewo a njinga zamoto a ku Milwaukee. Anayamba kupanga tingolo ta gofu mu 1963, atangogula gawo lalikulu la kampani yopanga maboti ku Tomahawk, ku Wisconsin, ndipo n'kumeneko anatengako luso la fibreglass. Anapitiriza mpaka 1982 pamene anagulitsa ntchitoyo, tingoloto n'kuyamba kutuluka ndi dzina la Columbia. Ukaona zilembo za AMF pafupi ndi dzina, dziwa kuti n'ka m'zaka zimene kampani ya AMF inali mwini wa Harley, 1969 mpaka 1981.

A Harley sanali oyamba. Marketeer ku California anali atatulutsa kale tamagetsi mu 1951, E-Z-GO n'kubwera mu 1954 ku Augusta, Georgia, kenako Cushman ndi Club Car. Tsono anthu andalama a ku America sanakhutire ndi kangolo konyamula thumba la ndodo basi. Ankafuna koti akamadutsa, anzawo acheuke. Kunali Royal Ride ya kampani ya Elmco, kutsogolo kwake anakupanga mofanana ndi Rolls-Royce. Wanthabwala uja Bob Hope anali nako kake kokhala ndi nkhope yake yomwe kutsogolo, mphuno ndi chibwano. Kakoko nako wina anakakongoletsa nthawi imeneyo: denga la mphonjelo, zitsulo zonyezimirazo, mipando yosokedwa mizeremizereyo. Zimenezo ndiye zikukapatsa mtengo. Ndikukupempha, usataye ngakhale chimodzi, kaya chang'ambika motani.

Ndikudziwa mtima wako wathamangira kale ku penti. Penti ndi yomaliza, wamva? Ndipo usayerekeze kukaliza lero.

Choyamba jambula paliponse usanamasule kanthu. Waya aliyense umumate katepi n'kulembapo kumene wachokera. Mabawuti a malo amodzi m'kajumbo kawokawo. Ufufuze nambala ya kangoloko pa chesesi kapena pa injini, uilembe m'buku, chifukwa ukamadzaitanitsa zipangizo kunja adzayamba kukufunsa imeneyo. Chinanso, mabawuti ake ndi a mainchi, achimereka. Masipanala ako a mamilimita aja azioneka ngati akukwana, koma akudyera mitu ya mabawuti. Kabwereke a mainchi. Lomwe lakana, lithire mafuta omasulira dzimbiri uligoneke, usalimbane nalo.

Ukachotsa thupi, yang'ana chesesi, makamaka pansi pa batire pomwe asidi wakhala akudontha zaka zonsezi. Tsukapo ndi madzi a soda, ukweche ndi burashi yawaya, kenako ugogode ndi kahamala. Chitsulo chabwino chimalira nge, chodyeka chimangoti phu. Podyekapo dula, uwotcherere chatsopano. Kupaka penti pamwamba pa dzimbiri n'kunamiza mwini wake, ndipo kangolo kamateyala atatu foloko yakutsogolo ikathyoka munthu amagwa chamutu.

Tsopano injini, ndipo apa ndikhalitsapo. Ndi ya silinda imodzi, 245cc, two-stroke. Ilibe posungira oyilo pansi ngati ya galimoto, oyilo amayenda limodzi ndi petulo. Ukaika petulo yekhayekha, pisitoni igwira usanafike n'kugeti komwe. Muyeso wa oyilo utsatire wa m'buku la modelo yakoyo, osati wongoganizira.

Chotsa pulagi, uthire sipuni imodzi ya oyilo wa two-stroke m'bowomo, isiye igone. M'mawa uzungulitse ndi dzanja pang'onopang'ono. Ikazungulira mosalala, mwayi ndi wako. Ikakana usaikakamize, tsegula mutu wa silinda uone. Masulanso ekizozi usuzumire ndi tochi pabowopo: pisitoni ikakhala ndi mizere yokandika yotsika, ndiye kuti inagwirapo kale ndipo silinda ikufunika ntchito.

Petulo wakale yense ukhuthule. Amasanduka phula lonunkha, amatseka timabowo ta kabuleta. Thanki uitsuke, mapaipi a petulo ugule atsopano, kabuleta uimasule yonse n'kuuzira mphepo m'timabowomo, osapisamo waya.

Chimene amakaniko ambiri amadumpha ndi masiilo a mbali ziwiri za crankshaft, chitsulo chija chimazungulitsidwa ndi pisitoni. Pa two-stroke, petulo ndi mpweya zimayamba zadutsa pansi pa pisitoni zisanakwere kukapsa, ndiye chipinda chimenecho chiyenera kukhala chotsekeka ndithu. Masiilo a zaka 50 amakhala atauma gwa ngati chikopa chokhalitsa padzuwa. Amalowetsa mpweya wakuba, injini imatentha mopitirira, pisitoni n'kupsa. Choopsa n'chakuti imatha kulira bwinobwino tsiku loyamba, iwe n'kumasangalala. Asinthe onse awiri, ngakhale akuoneka abwino. Pamenepo sindikunyengerera.

Kenako za livesi. Ukafufuza giya ya livesi suipeza, kulibe. Injini yomweyo ndiyo imalira chobwerera. Pali chipangizo chimodzi chomwe ndi sitata komanso jenereta: ukaponda chopondera chimazungulitsa injini, injini ikagwira chimayamba kutchaja batire, ukachotsa phazi injini imazima. Ukatembenuza switchi yosankhira kutsogolo kapena kumbuyo, sitata imazungulira mbali inayo, injini n'kudzuka chambuyo, kangolo n'kubwerera. Ndiye ukamva ikuzima ukaima, usaganize kuti yawonongeka, anaipanga choncho. N'chifukwa chake ndakakamira za kulemba mawaya, chifukwa ukasemphanitsa a pa switchi imeneyo, uika kutsogolo iko n'kuthamangira kukhoma lakumbuyo. Mapoyinti ndi kondensa ika zatsopano, ndipo taimingi uitchere motsatira buku kuti izilira bwino mbali zonse ziwiri. Ikamakoka bwino kutsogolo koma kumbuyo n'kumatsokomola, bwerera pa taimingi. Maburashi a sitata uwaonenso, amatha.

Malamba alipo awiri, la sitata ndi lalikulu lokoka. Onse sintha. Mapule a lamba lalikulu amatseguka ndi kutsekeka okha, ndiwo magiya ake, ndiye uwatsuke aziyenda momasuka, koma pogwira lamba pasafike girisi. Mabuleki, mabering'i ndi oyilo wa difu, zimenezo ukuzidziwa kale. Pokaliza koyamba, kwezera mateyala akumbuyo m'mwamba pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yekha, ndipo uchitire panja chifukwa utsi wake ndi wambiri. Mphete ndi wotchi uvule ukamagwira batire, ndipo waya wa negetivu ndiye woyamba kuchotsa, womaliza kubwezera.

Zonsezo zikatheka, tsopano thupi. Mankhwala ochotsera penti a pa galimoto usawayandikize, amadya fibreglass. Sandipepa wamadzi ndi dzanja lako basi. Pomwe pang'aluka, boola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, upale m'kati mwake, uyale nsalu ya fibreglass ndi resin, guluu wake woumitsira, kawiri kapena katatu. Bodifila, phala lija lomatira pophwanyika, ndi wosalazira pamwamba chabe, akakhala yekha amasweka ndi kugwedera. Vala chotseka pamphuno, fumbi lake ndi loipa m'chifuwa. Mtundu weniweni wa penti uupeza pansi pa mpando kapena kuseri kwa chizindikiro, kumene dzuwa silinafike. Ineyo ndikanabwezera womwewo. Abwana akafuna wina, uwauze poyera kuti mtengo wake utsika, asankhe akudziwa.

Mipando upite nayo kwa wosoka pamodzi ndi nsalu yakale yong'ambikayo, aisole adulire pomwepo kuti mizere ifanane. Denga chimodzimodzi. Zitsulo zonyezimira uyambe wazipukuta ndi polishi, zambiri zimabwerera. Zizindikiro za Harley uzichotse mosamala, usunge m'kabati yokiya, n'zovuta kupeza.

Tsiku loyendetsa, sankha pamalo pathyathyathya ndipo pokhota uchepetse liwiro, chifukwa kamateyala atatu sikachedwa kutukula mwendo. Uyende mphindi 15, uzimitse, uchotse pulagi uone kunsonga kwake. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Yakuda yonyowa, petulo kapena oyilo wachuluka, bwerera ku kabuleta. Ikakhala yoyera mbuu, usakalizenso, pali pomwe pakulowa mpweya, ndiye undiimbire tifufuze limodzi.