Kuphunzira particle physics ndi cosmology pa digiri yoyamba

[Wofotokoza atatambasula dzanja kutsogolo kwa kamera]

Tambasulani dzanja lanu chonchi. Pafupifupi sekondi iliyonse, kanthu kamodzi kotchedwa muon kakudutsa pachikhatho chanucho, kuboola khungu ndi mafupa n'kupitirira pansi, inu osamva chilichonse. Takulandirani. Lero tikambe zimene munthu amakapeza ku yunivesite akalowa ndi mtima wofuna particle physics, sayansi ya tinthu tochepetsetsa timene timapanga zinthu zonse, ndi cosmology, sayansi ya mmene chilengedwe chinayambira ndi mmene chikukulira.

Ambiri amabwera atakopeka ndi Big Bang, chiyambi chotentha cha chilengedwe, ndi Higgs boson, kanthu kokhudzana ndi mmene tinthu tina timapezera kulemera kwake. Akafika m'kalasi amapatsidwa chingwe, kamwala ndi wotchi, n'kuuzidwa kuti ayeze nthawi imene kamwalako kakutenga polendewera. Ena amakhumudwa, n'kumaona ngati alowa kalasi yolakwika. Ayi ndithu, kalasi ndi yomweyo. M'mayunivesite ambiri, digiri yoyamba imene mumalembetsa ndi ya fizikisi basi. Chaka choyamba ndi chachiwiri mumakhala pa malamulo a Newton, magetsi ndi maginito a Maxwell, kutentha, mafunde, ndi masamu ambirimbiri: calculus, linear algebra, differential equations. Quantum mechanics, malamulo a mmene tinthu tochepetsetsa timachitira, imabwera cha pakati. Zimene munazidzerazo nthawi zambiri zimadikira chaka chomaliza, ndipo zimabwera ngati kozi imodzi kapena ziwiri zochita kusankha.

Kuthamanga si kufika. Tione chifukwa chake pogwiritsa ntchito muon ija.

[Chithunzi: dziko lapansi, mzere ukutsika kuchokera kumwamba]

Ma muon amabadwira m'mlengalenga, makilomita pafupifupi 15 pamwamba pathu, pamene tinthu tothamanga kwambiri tochokera kutali kuthambo tawombana ndi mpweya. Muon ndi ngati mchimwene wa elekitironi, kungoti ndi yolemera kuwirikiza ka 207, ndipo anaitulukira ndi Carl Anderson ndi Seth Neddermeyer mu 1936. Vuto lake, sikhalitsa. Pa avareji imakhala ma microsecond 2.2, kenako n'kusweka. Microsecond imodzi ndi sekondi yogawidwa m'zigawo miliyoni.

Tengani cholembera. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chimene chingakupose. Muchulukitse liwiro limeneli ndi ma microsecond 2.2, mupeza mamita 660. Ndiye kuti muon, ngakhale itathamanga chotani, imayenera kutha isanayende kilomita imodzi. Nanga ikufika bwanji padzanja lanu kuchokera pa makilomita 15?

Yankho lili mu special relativity, imene Einstein anafalitsa mu 1905. Chinthu chikamathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, nthawi yake imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi ya ife oima pansi. Kwa muon, ma microsecond aja sasintha, koma pa wotchi yathu amatalika kakhumi kapena kuposa. Masamu ake ndi a chaka choyamba kapena chachiwiri. M'mayunivesite amene ali ndi zida, ophunzira amayeza okha moyo wa muon mu labu, pogwiritsa ntchito chipangizo chimene chimathwanima muon ikadutsa. Pamenepa m'pamene kamwala kolendewera kaja kamabweza phindu, chifukwa luso lake ndi lomwelo: kuyeza mobwerezabwereza, kudziwa kuti muyezo wanu ungaphonye ndi zingati, ndi kusadzinamiza manambala akakana zimene mumayembekezera.

[Tchati cha Standard Model]

Mukafika chaka chomaliza mumakumana ndi tchati ichi cha Standard Model, mndandanda wa tinthu tochepetsetsa todziwika. Muli ma quark 6, ma lepton 6 (gulu la elekitironi ndi muon), tinthu tonyamula mphamvu monga photon ndi gluon, ndi Higgs boson. Pulotoni ndi ma quark atatu, awiri otchedwa up ndi imodzi down. Peter Higgs analemba za kanthu kakeko mu 1964, koma kanapezeka pa 4 Julaye 2012 ku CERN, labu yaikulu ya particle physics pafupi ndi Geneva, mu Large Hadron Collider, makina owombanitsa tinthu amene ali mu msewu wozungulira wa makilomita 27 pansi pa nthaka m'malire a Switzerland ndi France. Zaka 48 akudikira! Chaka chotsatira iye ndi François Englert analandira mphotho ya Nobel.

Koma musayembekeze zambiri. Pa digiri yoyamba mudzaphunzira kuwerenga tchatichi, kujambula ma Feynman diagram, zithunzi zosonyeza mmene tinthu timawombanirana ndi kusweka, ndi kudziwa chifukwa chimene kanthu kena kangasweke mwa njira iyi osati iyo. Masamu enieni amene ali pansi pake, quantum field theory, ndi a masters kupita m'tsogolo.

Cosmology ndiye imalowako msanga, ndipo ine ndimaona kuti ndi imene imakoma kwambiri pa digiri yoyamba. Georges Lemaître mu 1927 ndi Edwin Hubble mu 1929 anasonyeza kuti milalang'amba ikutalikirana, ndipo yakutali kwambiri ndi imene ikuthawa mofulumira. Ndi masamu a Newton omwe aja mutha kupeza chiganizo cha masamu chofotokoza kukula kumeneku, n'kuyerekeza zaka za chilengedwe, zimene masiku ano zimaikidwa pa 13.8 biliyoni. Mudzaphunziranso za kuwala kotsalira kwa nthawi imene chilengedwe chinali chotentha, kumene Arno Penzias ndi Robert Wilson analengeza mu 1965. Kwazizira tsopano mpaka madigiri 2.7 pa sikelo ya Kelvin, imene imayambira pa kuzizira kotheratu.

Nanga n'chifukwa chiyani maphunziro awiriwa amayendera limodzi, wina wa zazing'ono kwambiri, wina wa zazikulu kwambiri? Chilengedwe chitangoyamba chinali chotentha moti kunalibe maatomu, kunali tinthu tokhatokha tikuwombana, zofanana ndi zimene amachita ku CERN. Komanso pali ngongole imene cosmology yasiyira a particle physics. Zonse za pa tchati chija zimangokwana pafupifupi 5 peresenti ya zimene zili m'chilengedwe. Pafupifupi 27 peresenti ndi dark matter, imene sioneka koma timaidziwira pa mmene imakokera nyenyezi, monga Vera Rubin anasonyezera poyeza kazunguliridwe ka milalang'amba m'ma 1970. Yotsalayo ndi dark energy, yokhudzana ndi zimene zinapezeka mu 1998, zoti kukula kwa chilengedwe kukuwonjezera liwiro. Pa tchati palibe kanthu kodziwika kamene kakufotokoza ziwirizi.

Tsono ngati yunivesite yanu ili ndi fizikisi koma ilibe makozi amenewa, musataye mtima. Amene amasankha ophunzira a masters amayang'ana kwambiri magiredi a masamu, quantum mechanics ndi electromagnetism. Njira zilipo pafupi. AIMS, sukulu ya masamu apamwamba imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg, Cape Town, imatenga omaliza digiri ochokera mu Africa yense. African School of Physics inayamba mu 2010 ku Stellenbosch ndipo imachitikira m'mayiko osiyanasiyana. Ku Karoo, ku South Africa, kuli MeerKAT, telesikopu ya mafunde a wailesi ya madishi 64, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana ndi pulojekiti ya SKA, yomanga telesikopu yaikulu kwambiri ya mtundu womwewo. CERN nayo imalandira ophunzira a digiri yoyamba pa pulogalamu yake ya miyezi ya pakati pa chaka, ngakhale ochokera m'mayiko amene si mamembala, koma mpikisano wake ndi woopsa.

Chimene mungayambe lero ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Ntchito yambiri m'maphunzirowa ndi kukhala pa kompyuta kusefa data, ndipo CERN inaika data yeniyeni ya ATLAS ndi CMS, zipangizo ziwiri zoyezera za mu Large Hadron Collider, pa intaneti kwaulere, pa Open Data Portal. Muvidiyo yotsatira titenga kachigawo ka data imeneyo, tiphatikize ma muon awiriawiri, tione ngati tingapeze Z boson, kanthu konyamula mphamvu kamene kamatha kusweka n'kukhala ma muon awiri, pa laputopu wamba.