Chimene chimadya valuvu ya makina a HPLC

Zikomo a pampando. Anzanga a m'malabotale, ndi inu ophunzira mwakhala kumbuyoko, lero tikambirane za kachipangizo kamene timakakumbukira pokhapokha kakayamba kudontha. Ndikunena valuvu yolowetsera sampulo m'makina a HPLC, aja timayezera mphamvu ya mankhwala kapena poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga.

Mkati mwake muli zigawo ziwiri zogundana maso ndi maso. China sichisuntha, ndicho stator, chachitsulo kapena cha ceramic, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi timabowo 6. Chinacho ndi rotor seal, kapulasitiki kolimba kojobedwa timizere. Mukapotoza chogwirira kuchoka pa Load (pothira sampulo) kupita pa Inject (poitumiza m'makina), kapulasitikiko kamazungulira madigiri 60, madzi n'kusintha njira. Madziwo amakankha mwamphamvu, mpaka 400 bar (muyezo wa mphamvu yokankha), ndipo chowatsekereza kuti asathawe ndi kusalala kwa nkhope ziwirizi basi.

Tsono kanthu kolimba kakalowa pakatipo, zimakhala ngati mchenga wagwera pamphero: mukapera kamodzi, mwala wakandika. Kanthuko kamachokera kuti? Kawirikawiri ndi mchere wa buffer, madzi amchere aja oteteza kuti pH (muyezo wa asidi) isasinthe. Mwagwira ntchito ndi buffer ya phosphate tsiku lonse, mwazimitsa makina Lachisanu madzulo, madzi auma, mchere wauma gwa m'timizere. Lolemba mukangopotoza, mwakanda kale. Chonde, musanaweruke tsukani ndi madzi osungunula mcherewo, kenako madzi osakaniza ndi methanol. Musathire acetonitrile yekhayekha pa phosphate, chifukwa mchere umaundana pomwepo. Pakamwa polowetsera singano pajanso pamafuna kutsukidwa, ambiri timapaiwala.

Sampulo iliyonse isefedwe ndi sefa ya 0.45 kapena 0.2 micron. Ndikudziwa kuti masefa amatha ndipo bajeti ndi yochepa, koma yerekezani mtengo wa sefa ndi wa valuvu yoitanitsa kunja, yodikira masabata ambiri makina ali chikhalire, odikira zotsatira akungobwerera.

Mayi wina apa afunsa ngati singano iliyonse ingagwire ntchito pa valuvuyi. Ayi mayi, ya jakisoni wa kuchipatala isayandikire n'komwe. Valuvu yamanja ngati Rheodyne 7725 imafuna singano yobuntha kunsonga. Yosongoka imabaya ndi kuwononga mkati.

Dziwaninso mtundu wa seal yanu. Ya Vespel ndi yolimba, koma pH ikapitirira 10 imayamba kudyeka. Pa madzi otere ikani ya Tefzel kapena PEEK.

Valuvu imachenjeza isanafe. Mumaona kadontho pakamwa pa singano kapena pa paipi yotayira. Mumabaya blank, madzi opanda sampulo, koma peak, chizindikiro cha pa girafu, ya sampulo yapita ija n'kutulukanso. Mumabaya sampulo imodzi katatu, zotsatira n'kusiyana. Apo ambiri amathamangira sipanala kukamanga zolimba, poganiza kuti kudontha kuleka. Ayi ndithu, kumangitsa kumawonjezera kukhulana, seal n'kutha msanga.

Posintha seal, tengani stator muiyang'ane pa kuwala. Ngati pali mzere wokandika pakati pa timabowo, seal yatsopanoyo sikhalitsa, sinthani zonse ziwiri. Pobwezera, mangani masikuluwu mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kuti nkhopezo zigonane mofanana, ndipo lembani tsikulo m'buku la makina. Tikamwa tiyi, bwerani patebulo pano, ndabweretsa valuvu yakale kuti aliyense aimasule ndi manja ake.