Madzi Saiwala Khwawa: Zomwe Zinayankhulidwa pa Msonkhano wa ku Ndirande

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo muli kumbuyoko, senderani kuno, tilibe chimkuzamawu lero.

Nonse mwamva za Lachiwiri usiku. Inali mvula yoyamba chabe, koma madzi analowa m'nyumba za kumunsi kwa mlatho uko, khoma la zidina n'kugwa. Mwayi wake ana anagona chipinda china. Kutacha tinapita ndi anyamata kukasuzumira m'kaliveti. Tinapezamo majumbo, matewera a ana, mabotolo, mpaka matiresi yathunthu. Matiresi, abale! Munthu kuisenza usiku kukaiponya m'ngalande, iye n'kubwerera kukagona tulo tabwinobwino kumtunda, mnzake kumunsi akukapa madzi ndi beseni.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ndibwereza mawu amenewa mpaka mutope nane. Musatseke njira ya madzi, kaya ndi zinyalala, kaya ndi nyumba.

Mwezi wa Marichi 2023 palibe amene wauiwala pano. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. M'dziko muno anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Kuno nafenso tinakhala pa maliro. Ena amati ndi mvula basi, nanga mvula ungailetse? Zoona, sitingailetse. Koma tatembenukani muone phiri lathu la Ndirandeli. Agogo ali apawa akuuzani kuti munali nkhalango yoti mwana samalowamo yekha. Lero ndi mbee! Mitengo inathera nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa. Mtengo ukakhalapo, masamba amachepetsa mphamvu ya mvula, mizu imagwira dothi, madzi amalowa pansi pang'onopang'ono. Pano mvula imagwera pa malata ndi pa simenti, yonse imatsika nthawi imodzi, ndiye ikafika ku mtsinje wa Nasolo imapeza magombe takumba kale pofuna mchenga. Kuonjezera apo timasema phiri kuti tipeze pomanga, n'kusiya chigwembe chaima kuseri kwa nyumba popanda chochigwira. Chikamwa madzi masiku atatu, chimatsika chonse.

(Mayi wina: "Pepani bambo, ndikudulani. Mukuti tisamange m'phiri, tisamange kumtsinje. Nanga ife osaukafe tikakhale kuti? Ndalama ya puloti yabwino tiitenga kuti?")

Mayi, mwafunsa zenizeni, ndipo musapepese. Palibe amene amamanga m'khwawa chifukwa chokonda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo chiyambire pamenepo anthu akubwerabe kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, kudzafuna maganyu. Ambirife tikukhala m'malo amene nyumba zinayamba, msewu ndi ngalande n'kumabwera pambuyo, pena osabwera n'komwe. Mzinda wokonzedwa bwino umayamba ndi kuyeza: apa msewu, apa ngalande, apa sukulu, apa msika, apa sipamangidwa chifukwa ndi pa madzi. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo ndi boma, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kudzera mwa akhansala athu kuti mapuloti otsika mtengo pa malo abwino apezeke. Tifunse ndithu, mobwerezabwereza, polemba kalata amfumu atasaina.

Koma podikira zimenezo, mayi, pali zomwe zili m'manja mwanu. Munthu akakutsatsani malo mwezi wa Okutobala, pouma gwa, mtengo wake wokoma modabwitsa, musathamangire kulipira. Funsani amene anakhalitsa pamenepo kuti mu Januwale madzi amadutsa pati. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana, madzi amasiya mzere wake. Mukaona miyala yosalala ndi mchenga pakati pa puloti, dziwani kuti mwini wake weniweni ndi mtsinje, adzabwera kudzatenga. Inu a lendi chimodzimodzi, musangoona kutchipa. Zungulirani kuseri muone ngati khoma lang'aluka, ngati maziko ali a simenti. Ndipo inu malandilodi, ndikunena mwaulemu, lekani kuphatikiza zipinda mpaka kutseka kanjira. Mwezi watha tinanyamula mayi wodwala pa chitenje mpaka kumsewu chifukwa galimoto inalibe polowera. Kanjira komweko ndi kamene madzi amadutsa. Madzi saiwala khwawa, mayi, ngakhale mutakhala ndi pepala la malowo.

Palinso kolera. Madzi osefukira akalowa m'chimbudzi chokumba, zonse amazitengera ku zitsime ndi pamene ana amasewera. Mliri unayamba mu 2022 uja unapha anthu oposa 1,700, mpaka masukulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Chonsecho ena mumadikira mvula igwe kuti mutsegulire chimbudzi chodzaza m'ngalande. Tikukudziwani, sindiloza chala, koma zimenezo zithe lero.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, amayi mukufuna kukatereka ndiwo, ndiye ndifulumire. Loweruka lino mamawa aliyense atuluke ndi khasu, fosholo kapena wilibala, tiyambire pa kaliveti paja kukwera. Makoko a nthochi, madeya ndi zotsala za ndiwo kumbirani dzenje, amenewo ndi manyowa. Majumbo ndi matewera m'thumba, osati m'ngalande. Kumsika tengani dengu kapena chikwama. Amene muli potsetsereka dzalani udzu wa vetiva ndi nsungwi, mbande tikambirana ndi komiti. Madzi akumwa thirani kolorini kapena wiritsani. Mukamva chenjezo la mvula yamphamvu pa wailesi, kapena mukaona nthaka yang'aluka kumtunda kwa nyumba, tengani ana ndi mabulangete mupite kusukulu kapena kutchalitchi kusanade, katundu asiyeni. Mabuloko lida tsalani pang'ono tilembe mayina a nyumba zomwe zili m'mbali mwa Nasolo, makamaka za okalamba ndi olumala. Amfumu, ndabweza kwa inu.