Thomas Telford: Mwana wa Mbusa Amene Anayamba ndi Nyundo ndi Tchizulo

Takulandiraninso. Lero tikupita ku Scotland, m'chigwa cha Eskdale, kumene Thomas Telford, katswiri womanga milatho, anabadwira pa 9 August 1757. Bambo ake, a John Telford, ankaweta nkhosa, ndipo anamwalira mwanayo akadali m'manja. Mayi ake, a Janet Jackson, anamulera okha, movutikira.

Atakwanitsa zaka 14 anayamba kuphunzira kusema miyala. Anagwira nawo ntchito pa mlatho wa ku Langholm, ndipo mwala wa pamanda a bambo ake, amene sanawadziwe n'komwe, anausema yekha. Mu 1782 anapita ku London kukagwira ntchito pa nyumba ya Somerset House.

Tsono tamvani izi. Mu 1788, akuyang'anira zomangamanga m'dera la Shropshire, akuluakulu a tchalitchi cha St Chad ku Shrewsbury anamuitana kuti aone denga lodontha. Iye anaona ming'alu m'zipupa, n'kuwachenjeza kuti nyumbayo ili pafupi kugwa. Iwo sanamumvere. Patangopita masiku ochepa, mbali yaikulu ya tchalitchicho phwaa! Munthu amene wakula akugwira mwala ndi manja ake amaona zomwe ena saona, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene panagona luso lake lonse.

Onani chithunzichi. Uwu ndi mlatho wa Pontcysyllte ku Wales, umene Telford anatsogolera ntchito youmanga ndipo unatha mu 1805. Pamwamba pake si pamsewu ayi, ndi ngalande yachitsulo yodutsamo maboti, mamita 38 kuchokera pa mtsinje wa Dee. Yang'anitsitsani zipilalazo. Kumtunda kwake n'zamphako, anachitira dala kuti zisalemere. Zomatira miyalayo anasakaniza laimu, madzi ndi magazi a ng'ombe. Mpaka lero maboti akuwolokabe.

Mu 1826 anamaliza mlatho wolendewera wa Menai, ndipo kuyambira 1820 anali pulezidenti woyamba wa bungwe la akatswiri a zomangamanga la Institution of Civil Engineers.

Nanga banja lake? Telford sanakwatire, sanasiye mwana. Amayi ake sanawataye, ankawathandiza mpaka pamene anamwalira mu 1794. Iye anatsikira kulichete pa 2 September 1834, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Gawo lina la chuma chake analisiyira malaibulale a kwawo, ku Westerkirk ndi ku Langholm. Mu 1968 tawuni yatsopano ya ku Shropshire anaipatsa dzina lake, Telford.