Kodi kompyuta ingamve Chichewa cha agogo a ku Mabvuku?

[Wofotokoza waima pa geti la University of Zimbabwe, kaseti yakale ili m'manja.]

Moni nonse kulikonse kumene mukuonera. Lero ndili ku Mount Pleasant muno mu Harare. Sukulu ili kumbuyo kwangayi idayamba ndi dzina loti University College of Rhodesia and Nyasaland. Eya, Nyasaland, komwe kudachokera makolo athu. Kasetiyi musaidere nkhawa, tiibwerera.

Nkhani yathu ndi digital humanities. Dzinali likumveka lolemera, koma ntchito yake ndi iyi: kutenga kompyuta n'kufufuzira zinthu za anthu, monga chilankhulo, nthano, nyimbo ndi makalata akale.

Ambiri amati zidayamba mu 1949, pamene wansembe wa ku Italy, Roberto Busa, adakapempha mkulu wa kampani ya makina ya IBM, Thomas Watson, makina omuthandiza kusanja mawu onse amene Thomas Aquinas, katswiri wakale wa za chipembedzo, adalemba m'Chilatini. Mawu pafupifupi 11 miliyoni, pa timakadi tobooleza! Ntchitoyo idadya zaka 30. Koma tisapite kutali, pano pomwe padachitika zofanana nazo.

[Chithunzi cha mtanthauziramawu wa Chishona.]

Mu 1992 yunivesiteyi idayamba ntchito ya ALLEX, yolemba mabuku otanthauzira mawu a zilankhulo za kuno, mogwirizana ndi mayunivesite a Oslo ndi Gothenburg. Ophunzira adatumidwa m'madera ndi zojambulira mawu, kukatola mmene anthu amayankhulira. Atabwerera, zonse zidalembedwa liwu ndi liwu, n'kuphatikizidwa ndi zochokera m'mabuku. Chimene chidatuluka akatswiri amachitcha corpus. Ine ndimati nkhokwe ya mawu. M'nkhokwemo ndi momwe adatapa polemba Duramazwi reChiShona la 1996, lomwe mkonzi wake wamkulu adali Herbert Chimhundu, kenako la Chindebele mu 2001.

Nanga nkhokwe yotereyi phindu lake n'chiyani? Tiyerekeze kuti tili nayo ya Chichewa. Mwalemba liwu loti mtima.

[Ziganizo zikutsika pa sikirini, liwu loti mtima lili pakati pa chilichonse.]

Kompyuta ikukundandalitsirani chiganizo chilichonse chomwe muli liwulo. Wapsa mtima. Usataye mtima. Mtima pansi, achimwene. Ugwire mtima. Wandidula mtima. Mukuona? Munthu mmodzi atakhala pansi pa mtengo tsiku lonse sangakumbukire zonsezi, komanso sangakuuzeni kuti amene amakonda kunena chakuti ndi achikulire kapena achinyamata. Nkhokwe imatha, bola wojambula adalemba kuti woyankhulayo ndi wazaka zingati, wa kuti, ndipo adamujambula liti. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amachita ulesi, chonsecho tizinthu timeneti tikasowa, ntchito yonse ndi madzi.

M'kalasi la maphunzirowa, musaganize kuti anthu amangodina batani n'kumapuma. Aphunzitsi akupatsani tsamba la nyuzipepala yakale. Mwalijambula ndi sikana, pulogalamu ya OCR yasandutsa chithunzicho kukhala zilembo. Tsopano werengani zomwe yalemba. Kachipewa ka pa ŵ kasowa. Kankhodolero ka mu ng' yakayesa dothi, yakataya. Ng'oma yasanduka ngoma. Kwa Mshona palibe vuto, ngoma ndi yoimba ija. Kwa ife ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Ndiye chiganizo chikuti anyamata adagona akuomba ngoma usiku wonse. Kompyuta siseka, siona chachilendo. Wokonza ndinu.

Palinso vuto la kamangidwe ka mawu athu. Sindidzakuuzaninso ndi liwu limodzi, koma mkati mwake muli kukana, muli ine, muli mtsogolo, muli inu, muli kubwereza. Pulogalamu yowerenga mawu potengera mipata iona uza, adandiuza ndi tiuzane ngati alendo osadziwana, mpaka munthu ataiphunzitsa kuti tsinde ndi limodzi.

[Wofotokoza wakhala pa khonde ku Mabvuku, kaseti ili mu wailesi.]

Tsopano kaseti ija. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo pa mndandandawo Chewa ndiye woyamba. Zimakoma kumva. Koma lamulo silidzaza nkhokwe. Chichewa cha m'madera a mu Harare monga Mabvuku, Mbare, Mufakose ndi Tafara, chomwe chakhalira limodzi ndi Chishona kuyambira nthawi ya Mthandizi, bungwe lomwe linkabweretsa anthu kudzagwira ntchito kuno, ndi mapulazi a fodya, chili m'kamwa mwa anthu okalamba, ndipo maliro sakudikira ofufuza.

Umu muli mawu a malemu agogo anga aamuna, amene adachokera ku Dedza ali mnyamata. Adawajambula ndi amalume. Tamverani.

[Kaseti ikulira kwa kanthawi.]

Mwamva? Ayamba bwinobwino m'Chichewa, afika pa nkhani ya kubasa, alowa Chishona, akakwiya abwerera kwawo. Ndidayesa pulogalamu ina yolemba zoyankhula, dzina ndisunge. Idandipatsa phala losadziwika mutu wake. Ndidangotenga kope ndi bolopeni. Mphindi khumi za agogo zidandidyera madzulo onse: imitsa, bweza, mveranso, kafunse azakhali kuti liwu ili ndi chiyani. Amene amati kompyuta yatha ntchito ya anthu a zilankhulo, abwere adzandithandize mbali yachiwiri ya kasetiyi.

Ndipo mbali yachiwiriyo ili ndi mlandu wake. Agogo adali a gule, amene anzathu kuno amati zvigure. UNESCO idauzindikira Gule Wamkulu mu 2005, n'zoona, koma sizitanthauza kuti za kudambwe zasanduka za aliyense. Penapake m'kasetimu agogo atsitsa mawu, n'kuuza amalume kuti izi n'za ife tokha. Amalume sadazimitse. Ofufuza abwino amaphunzitsidwa kupempha chilolezo kwa woyankhula asanaike kanthu pa intaneti. Nanga mwini mawu akakhala kuti adagona kale, chilolezo upempha kwa yani?

Ine mbali imeneyo sindiilemba, ndipo pa tchanelo pano simudzaimva. Zotsalazo, za ulendo wochokera ku Dedza ndi moyo wa pa pulazi, ndikuzilemba pang'onopang'ono. Loweruka ndikukhala pansi ndi azakhali, amve kaye zonse, anene okha zoti zituluke.

[Adina batani, kaseti yaima.]